Kondakitala wa Magetsi a Dzuwa

M'nyumba ina ya kumapeto kwa msewu wafumbi, kumene mapolo a magetsi anatopa asanafike, mumakhala bambo wina amene aliyense amawaitana kuti Akondakitala. Mabasi anawasiya kalekale bondo litayamba kuvuta, koma dzinalo linakana kutsika. Ngakhale akazi awo akafuna kuwanyogodola amawaitana choncho, ndipo iwo amayankha bwinobwino.

Ntchitoyo anayilowa ndevu zisanamere. Zaka zawo zabwino zonse anazithera pakhomo la basi, dzanja limodzi litagwira chitsulo, linalo likumenya denga kuti dalaivala aime kapena anyamuke. Ankati akangoponya diso m'basi, adziwa kale kuti mipando yatsala ingati, uyu atsikira pati, uyo chikwama chake n'cholemera kuposa mmene akunenera. Zinthu ziwiri ndi zimene sankagwirizana nazo: kupakira mpaka tayala kuphulika, ndi kusiya munthu pasiteji malo alipo. Anzawo ankawaseka kuti kondakitala wopepesa kwa anthu otsala ndi iwo okha dziko lonse.

Akazi awo, amene iwo amangoti Amayi, ndi munthu wa nthabwala ndi wailesi. Ankakalamba bwino mpaka pamene adokotala anawapeza ndi matenda a shuga, aja ofuna jakisoni tsiku ndi tsiku. Chipatala chili kutali, choncho amawapatsa timabotolo ta insulini ta miyezi ingapo nthawi imodzi. Nesi anawalangiza momveka bwino kuti mankhwalawa asatenthedwe, komanso asaundane, chifukwa zonse ziwiri zimawathera mphamvu, ndipo ndi maso sungadziwe kuti afa.

Poyamba ankasungitsa timabotoloto mu firiji ya wagolosale wa kumsewu waukulu, kumene magetsi amafika. Tsiku lina wagolosaleyo, pofuna malo a zakumwa, anakankhira kapepala ka mankhwala kuja kumbali ya ayezi. Sanachite dala, anali munthu wabwino ndithu. Mankhwala anaundana, kenako anasungunuka, n'kumaoneka ngati palibe chachitika. Amayi anapitiriza kudzibaya, koma ankangodzibaya madzi. Ludzu linawagwira, thupi linafooka, mpaka masana ena Akondakitala anawapeza ali gone pakhonde, milomo itauma gwa, akuwayang'ana amuna awo ngati mlendo. Kuchipatala anawapulumutsa. Koma mantha amene analowa mwa Akondakitala tsiku limenelo sanatulukenso.

Mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito kutali, atamva nkhaniyi anatumiza munthu wa sola, woika magetsi a dzuwa. Munthuyo anakhoma mapanelo awiri padenga, anaika batire pansi pa shelefu m'kolido, n'kulumikiza kafiriji kakang'ono kofika m'chiuno. Pakhoma anakhomapo kabokosi kokhala ndi kagalasi koonetsa manambala atatu. Yapamwamba inkanena mmene batire ladzazira. Yakumanzere inkaonetsa magetsi olowa kuchokera padenga, yakumanja magetsi amene nyumba ikudya. Akondakitala sanavutike kuzigwira. Yakumanzere anaitcha okwera, yakumanja anaitcha otsika.

Ponyamuka, wa sola uja anawachenjeza kuti: "Batireli ndi laling'ono, abambo. Mitambo ikakhalitsa silingapirire. Ndipo musamalilole kutsika kupitirira theka, limafa msanga."

Munthuyo ananena zina zambiri, koma Akondakitala anamva zokhazo.

Kuyambira pamenepo m'nyumba munabwera boma latsopano. M'mawa, asanasukusule, asanafunse n'komwe kuti anthu agona bwanji, Akondakitala anali ataima kale m'kolido, magalasi pamphuno. Madzulo chimodzimodzi. Nyali inkayaka imodzi, ya pabalaza, ndipo wofuna kupita kuchipinda ankapapasa khoma. Wailesi ya Amayi inalandidwa chingwe. Fani imene mwana wawo anatumiza pamodzi ndi sola uja inakhala m'katoni mwake pamwamba pa kabati, tepi yake osamatula. Mlendo akapempha kutchaja foni, ankamulola chifukwa cha manyazi, koma ankaima pomwepo manja kumbuyo, n'kufunsa kuti: "Foni yanuyi itsikira pati?"

Amene zinamuwawa kwambiri anali mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wamwamuna. Mwamuna wake amayendetsa mathiraki ndipo pakhomo amangooneka mwa apo ndi apo, choncho mpongoziyo ndi amene amasamala nyumba, n'kumasoka zovala pakhonde. Anali ndi makina osokera a magetsi amene anagula asanakwatiwe, ndipo sola atabwera anawapukuta fumbi mosangalala. Anangosoka mpendero umodzi. Akondakitala ataona otsika akulumpha pakagalasi anathamanga motsimphina.

"Apongozi, chonde, amenewo ayi. Magetsiwa ndi a mankhwala."

"Abambo, dzuwa lonseli?"

"Dzuwa lili lero. Nanga mvula ikayamba? Tikusungira dzinja."

Mpongozi anaphimba makina aja ndi nsalu, n'kubwerera pa akale opalasa ndi mapazi, ndipo madzulo akakolo ake ankakhala atatupa.

Musawatenge ngati munthu woumira. Nyama akagula, nthuli yabwino ankapatsa ena. Kungoti m'mutu mwawo batire linali nkhokwe: chilichonse chimene sanadye lero chikuunjikana penapake, kudikira masiku a mitambo. Akazimitsa nyali ankamva ngati awonjezera tsiku pa moyo wa akazi awo, ndipo munthu woganiza choncho simungamutsutse ndi pakamwa.

Nyengo yotentha inafika ndi ukali wake. Malata ankalira okha masana. Amayi ankakhala pamkeka pabalaza, akudzikupiza ndi chidutswa cha katoni, thukuta lili kamukamu.

"Akondakitala," ankatero, "fani ija mukuisungira maliro anga?"

"Musamayankhule choncho, Amayi."

"Ndiye ndiyankhule bwanji? Mankhwala ali pozizira ngati bwana, mwini wake ndikupsa."

Iwo ankangotola chipewa n'kutuluka. Masana onse ankakathera kusiteji ya mabasi, kucheza ndi anzawo akale ndi kudzudzula makondakitala a masiku ano. N'chifukwa chake kagalasi kaja ankakadziwa m'mawa ndi madzulo basi. Zimene kankachita dzuwa lili paliwombo sanazionepo.

Tsiku lina bondo linatupa moti sakanatha kuyenda. Anakoka kampando n'kukhala m'kolido, poti ndi mmene munkazizirirako, mwendo atautambasulira pa ndowa yovundikira. Posowa chochita, maso anali pakagalasi. Okwera anayamba pang'onopang'ono, n'kumachuluka dzuwa likamakwera, ndipo mtima wawo unkakoma. Nambala yapamwamba inafika pa handiredi. Kenako, kunja kukung'anima moti munthu sangayang'ane kumwamba, okwera anayamba kutsika. Anatsika, anatsika, mpaka anatsala ochepa kwambiri, ongofanana ndi zimene firiji inkadya.

Akondakitala anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anavalanso. Zinali zomwezo.

"Apongozi! Tathamangani mukaone padenga. Kapena pagwera chinthu."

Mpongozi anapita mpaka kumpanda, anatchinga maso ndi dzanja, n'kubwerako. "Palibe kanthu, abambo. Mapanelo akuwala bwinobwino."

Akondakitala anaimbira foni wa sola uja n'kumuuza kuti zinthu zake zafa.

"Batire lili pa zingati?" anafunsa wa sola.

"Handiredi."

"Ndiye palibe chafa, abambo. Ladzaza. Kabokosiko kamatseka chitseko kuti batire lisapse."

"Nanga magetsi enawo akupita kuti?"

"Sakupita kulikonse. Akungothera padenga pomwepo."

"Lero lokha?"

"Tsiku lililonse la dzuwa, ngati simukuyatsa kanthu. Mmene mumasamalira inuyo, ndikhulupirira limadzaza nthawi ya nkhomaliro isanakwane."

Akondakitala anayang'ananso kagalasi kaja. "Ndiye zimene ndakhala ndikusungira dzinja zija zili kuti?"

Wa sola anayankha mofatsa. "Batire lili ngati ndowa, abambo. Ikadzaza, ngakhale mutaisiya pampopi tsiku lonse, simuwonjezera kanthu."

Foni itadulidwa, Akondakitala anatsala pakampando paja akuyang'ana khoma. Kuchokera pabalaza ankamva kachidutswa ka katoni kaja kakupita uku ndi uku, ndipo pakhonde makina opalasa ankalira pansi pa mapazi otupa. Manyazi anawagwira, ndi chisoni chomwe. Miyezi yonseyi anthu awiri amene ankawakonda anavutika popanda chimene chinasungidwa.

"Anthu ali mbwee pasiteji," anayankhula okha, "ine mabasi nditawatsekera m'galaja."

Anadzuka, bondo likukana, n'kukatsitsa katoni ija pakabati ndi ndodo yawo. Anamatula tepi ndi mano. Anaika fani patsogolo pa Amayi, anailumikiza, anayatsa, ndipo osadikira kuti wina anene kanthu anabwerera m'kolido motsimphina. Otsika anali atakwera, inde. Koma okwera nawo anali atakwera mofanana ndendende, ndipo nambala yapamwamba inali pa handiredi pomwe paja, osagwedezeka.

"Apongozi! Vundukulani makina aja!"

"Ati, abambo?"

"A magetsi! Sokani, sokani msanga ndione!"

Makina analira, okwera anawonjezekanso, handiredi osasuntha. Akondakitala anaseka mokweza ngati mwana, kenako kuseka kuja kunawathera. Anapita pabalaza n'kukhala pamphepete pa mkeka. Amayi anali atatsinzina, duku likugwedezeka ndi mphepo.

"Amayi, ndinakuwotchani pachabe. Mundikhululukire."

Amayi sanatsegule maso. "Anandiwotcha ndi mantha anu, ndipo ndikudziwa kumene munawatenga. Ndinalipo pakhonde paja. Koma chingwe cha wailesi yanga chibwere lero lomwe."

Boma linasintha malamulo. Kusiteji anasiya kupitako masana, chifukwa tsopano anali ndi siteji yawo. Batire likangodzaza ankaomba m'manja m'kolido n'kukuwa kuti: "Kwerani, kwerani, malo alipo!" Pamenepo fani inkazungulira, wailesi inkayankhula, makina ankathamanga, ndipo mafoni a anthu oyandikana nawo ankandandalikidwa pashelefu. Dzuwa likapendeka, okwera n'kuyamba kuchepa kuposa otsika, ankamenya chitseko kawiri ndi chikhatho, ndipo aliyense ankadziwa kuti ulendo watha. Mpongozi ankamaliza madiresi masana amodzi amene kale ankamutengera mpaka mawa lake.

Koma chimene chinkawadya mumtima sichinachoke, chinangokula. Kale ankadzitonthoza kuti ali ndi nkhokwe. Tsopano ankadziwa kuti alibe, ndipo kum'mawa mitambo inali itayamba kusonkhana madzulo aliwonse. Mpongozi anawapeza tsiku lina ataima pabwalo, akuyang'ana kumwamba ngati munthu amene wabedwa.

"Abambo, ndinene maganizo anga?"

"Nenani, apongozi."

"Ngati magetsi sasungika, bwanji tisunge kuzizirako? Ndisanayambe kusoka ndinkagulitsa zakumwa zozizira pamsika. Mabotolo a madzi oundana mukawaika m'chibokosi chosungira zozizira, osamatsegulatsegula, amakhala nthawi yaitali. Chibokosicho ndikadali nacho, chili pansi pa bedi. Masana magetsi akamatayika, firiji izitiumitsira madzi."

Akondakitala anagwedeza mutu mwamphamvu. "Ayezi? Ayezi ndi amene anatsala pang'ono kundiphera mkazi."

"Uja anakhudzana ndi mankhwala, abambo. Ife tiika thabwa pakati, mankhwala tiwakulunga m'thaulo. Tiyese kaye dzuwa likadalipo. Zikakanika, mwataya chiyani?"

Anayesa. Akondakitala sakhulupirira chinthu chimene sanachione ndi maso awo, choncho anatenga kabotolo kakale ka insulini, anathiramo madzi, n'kukagoneka m'chibokosi pamodzi ndi kachipangizo koyezera kuzizira kamene kanabwera ndi firiji. Ulendo woyamba thaulo linali lopyapyala, kachipangizo kanatsika kwambiri, ndipo iwo anakuwa ngati aona njoka. Anapinda thaulo kawiri, anasintha thabwa, anayesanso. Anayesa mpaka kuzizira kunakhazikika pamene nesi ananena. Kuyambira pamenepo, batire likadzaza ankapotokola kabatani ka firiji mpaka kumapeto, mankhwala atawasamutsira m'kabokosi ka pansi mu firijimo kuti asaundane, ndipo dzuwa likapendeka ankakabweza. Kachipinda ka ayezi kanadzaza mabotolo olimba gwa. Amayi ankati nyumba yasanduka fakitale, ndipo iwo akufuna malipiro a ulonda.

Mvula itabwera, inabwera ngati yakwiyira munthu. Kumwamba kunatseka, osati kwa tsiku limodzi. Msewu wafumbi uja unasanduka phala, moti ngakhale njinga yamoto sinkafika. Okwera pakagalasi anali ongowerengeka, ndipo m'mawa uliwonse nambala yapamwamba inkapezeka pansi kuposa dzulo lake. Fani inabwerera pakabati, makina anaphimbidwa, wailesi inakhala chete, ndipo ulendo uno palibe anadandaula. Firiji yokha ndi imene inatsala, koma nayo inkadya kuposa zimene denga linkabweretsa.

M'mawa wina nambala inafika pa theka, malire aja a wa sola. Akondakitala anaima patsogolo pa swichi ya firiji. Akaisiya yoyaka, batire lifa, ndipo dzuwa likadzabwera sipadzakhala poikapo magetsi. Akaizimitsa, ndiye kuti azimitsa ndi dzanja lawo chinthu chimene anazimitsira nyumba yonse kuti chisazime. Chala chinafika paswichi n'kubwerera.

Amayi anatulukira pakhomo la chipinda atafunda nsalu. "Zimitsani, abambo. Munayesa, ndinkakuonani."

Anazimitsa. Kulira kwa firiji kutaleka, m'nyumba munangoti zii, kumangomveka mvula pamalata. Mpongozi anabweretsa chibokosi. Anayala mabotolo ena pansi, ena anawasiya mu firiji yotseka kuti adikire nthawi yawo. Anaika thabwa, kenako thaulo lopinda kawiri, ndipo Akondakitala anagoneka timabotolo ta mankhwala m'katimo kamodzikamodzi, n'kutseka chivundikiro.

Masiku otsatirawo anali aatali. Chibokosi chinkatsegulidwa pa nthawi ya jakisoni yokha, mwachangu, ndipo aliyense wodutsa pafupi nacho ankayenda monyang'ama ngati muli khanda logona. Masana kukayera pang'ono, okwera ochepa aja ankalola firiji kuyaka kanthawi, kosakwana kuumitsa madzi, kongochedwetsa kusungunuka. Mabotolo a m'chibokosi akasanduka madzi ankasinthidwa ndi a mu firiji, ndipo a mu firiji ankachepa. Akondakitala chakudya chinkawakanika. Ankangozungulira pakati pa kagalasi ndi zenera, ndipo bondo analiiwala.

Linafika tsiku limene anaika mabotolo omaliza. Mvula inagwabe tsiku lonselo.

Kutacha, Amayi anakhala pamphepete pa bedi, jakisoni ali m'manja, akudikira. Akondakitala anagwada pa chibokosi ndi bondo lawo labwino, koma sanatsegule msanga. Ankaopa. Kenako anakweza chivundikiro, analowetsa dzanja pansi pa thabwa, n'kutulutsa botolo limodzi. Linali madzi okhaokha. Anatulutsa lachiwiri, analigwedeza, ndipo m'kati munagogoda kanthu. Kanali kachidutswa ka ayezi kosaposa chala chachikulu, kakuyandama. Anayang'ana kachipangizo koyezera kaja, ndipo kanali pamalo pake, pomwe nesi ananena.

Nthawi yomweyo mpongozi anaitana kuchokera m'kolido. "Abambo! Okwera ayamba kuchuluka! Kum'mawa kwang'ambika, bwerani mudzaone!"

Akondakitala sanapite. Anafunyulula thaulo, anatenga kabotolo kamodzi n'kukagunditsa patsaya. Kanali kozizira bwino, mankhwala ake akuyenda m'kati. Anakagwira pomwepo, maso ali kwa akazi awo, amene anakhala apo amoyo, duku litapendekeka, akuwayang'ana ndi maso owadziwa. Misozi inatsika yokha mpaka m'ndevu, ndipo sanaibise.

Amayi anawasiya kanthawi. Kenako anatambasula dzanja.

"Bweretsani kuno, Akondakitala. Mwawasunga mvula yonseyi, musandifunditsire ndi misozi."

Anapereka ndi manja awiri, ndipo Amayi anakoka mankhwala m'jakisoni n'kudzibaya.